Sitolo Imene Ndinafolera Usiku

Ndine mlimi wa kwa Magodi, ndipo nkhani iyi ndaisunga nthawi yaitali chifukwa cha manyazi. Ndinamanga sitolo m'mbali mwa msewu wochokera ku Lundazi kupita ku Chama popanda pulani ndiponso popanda chilolezo cha khonsolo. Palibe woyendera zomangamanga amene anadzaona ngakhale dzenje la maziko. Sitoloyo inadya soya wanga, mtedza wa mkazi wanga ndi ng'ombe zapagoli zimene malemu bambo anandisiyira, kenako inavulaza mwana wa mnansi wanga. Kwathu ena amati inali mphepo chabe, ena amanong'onezana kuti pali munthu anandichitira nsanje. Ine mwiniwake ndikudziwa kuti wolakwa ndine.

Chaka cha 2022 soya anandikomera. Nditagulitsa, ndinaona kuti nthawi yakwana yoti ndisiye kuyala malonda pa thebulo pansi pa mtengo. Pa kamsika kathu pali chigayo, ndipo anthu amadikirirapo galimoto za ku boma, choncho kasitomala sasowa. Ndinkafuna golosale kutsogolo, chipinda chosungira soya ndi mtedza kumbuyo, ndi kachipinda kena kumbali koti mkazi wanga azigulitsiramo tiyi ndi zitumbuwa. Ndinapita kwa a nyakwawa monga mwa mwambo. Anayenda nane pa malopo, nandilozera malire kuchokera pa mtengo wa mango mpaka pa chulu, kenako anandilembera kalata. "Apa ndi panu, adada, mangani," anatero. Iwo anachita ntchito yawo moyenera. M'dziko la Mfumu Yaikulu Magodi, monga m'madera onse a mafumu, malo amapezeka motero, ndipo lamulo la malo la 1995 limavomereza zimenezi. Cholakwa changa chinali kuganiza kuti kalata imeneyo yamaliza zonse.

Atsibweni anga, amene pa unyamata wawo anagwirapo ntchito yomanga masukulu ku Chipata, anabwera tikukhoma zikhomo. Anayang'ana chingwe chathu, nayang'ana msewu, kenako anatola dothi n'kulifinya m'manja.

"Mphwanga, kalata ya mfumu ikunena kuti malowa ndi ako," anatero. "Sikunena kuti msewu ukuthera pati, ndipo sikunena ngati dothi ili linganyamule khoma. Awa ndi makande. Pita ku khonsolo akakuonere usanathire simenti."

"Atsibweni, zimenezo ndi za m'tauni," ndinayankha. "Kuno ndi kumudzi. Agogo anamanga nyumba zawo ndi pepala la ndani?"

"Agogo ako ankamanga nyumba yogonamo iwo okha, ya mitengo ndi udzu. Iwe ukumanga ya njerwa ndi malata yoti muzilowa ana a eni. Safunsa anadya phula."

Ananyamuka n'kumapita, ine n'kuuza anyamata kuti ayambe kukumba.

Sindinkadziwa kuti malamulo anali atasintha. Lamulo lakale la mapulani a matauni silinkafika kwenikweni m'midzi ya mafumu. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lina, Urban and Regional Planning Act, limene limakhudza dziko lonse la Zambia, ndipo limalola khonsolo ndi mfumu kugwirizana za mmene malo amene akukula aziyalidwira. Mu 2018 boma la Lundazi linagawidwa, n'kutuluka maboma atsopano a Chasefu ndi Lumezi. Ife a kwa Magodi tinagwera ku Chasefu, ngakhale mpaka lero tikati "ndikupita ku boma" ambiri timatanthauza Lundazi. Ofesi imene ndinkaiona ngati ili kutali inali itayandikira. Kuwonjezera apo, mu 2022 ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo zipinda zophunziriramo ndi nyumba za anamwino zinayamba kumangidwa m'malo ambiri. Ogwira ntchito ku khonsolo ankadutsa kawirikawiri pa msewu wathu. Ndikanangoimitsa mmodzi n'kufunsa.

Mmisiri amene ndinamulemba sanali mbuli, koma ine ndi amene ndinkagwira chikwama. Iye anati tikumbe mpaka tipeze dothi lolimba. Ine ndinati tsiku lililonse lokumba ndi ndalama, tilekere pomwe tafika, pamene dzenje linali lisanafike n'komwe m'mawondo. Anati thumba la simenti lisapitirire mawilibala amene anazolowera. Ine ndinaima pomwepo n'kumauza anyamata kuti awonjezere mchenga. Pulasitiki yakuda imene amayala pamwamba pa maziko kuti chinyontho chisakwere m'khoma ndinati ndi zodzionetsera. Mawaya amene amagoneka pakati pa mizere ya njerwa sindinagule. Atanena za ring beam, lamba wa konkire ndi zitsulo uja amene amazungulira nyumba yonse pamwamba pa mazenera kuti makoma agwirane, ndinamufunsa ngati akufuna kundimangira banki. Tinangoika malintala pa zitseko ndi pa mazenera basi. Njerwa za m'mphepete mwa uvuni, zimene sizinapse bwino, ndinati zipite ku khoma lakumbuyo kumene anthu saonako. Chimbudzi ndinakumba pafupi, kumtunda kwa chitsime chimene mabanja angapo amatungapo, chifukwa pamenepo dothi linali lofewa. Mmisiri anapukusa mutu, koma anali ndi ana ofuna kudya, ndipo anamanga monga ndinamuuzira.

Mu Ogasiti chaka chomwecho tinamva pa wailesi kuti ku Chingola nyumba zoposa 300 zagwetsedwa pa malo a bwalo la ndege la Kasompe. Mkazi wanga anasiya kusenda mtedza.

"Abambo, mwamva? Anthu aja nawonso ankati malo anapatsidwa."

"Kumeneko ndi ku migodi, amayi. Kuno ndege imatera pati?"

Sanandiyankhe. Theka la ndalama zimene zinali m'makomawo zinali za mtedza wake.

Makoma atafika pa mazenera, mnyamata wina wa ku khonsolo anaima ndi njinga yamoto akupita kukaona ntchito ina kutsogolo. Anandipatsa moni mwaulemu, nafunsa ngati angaone pulani. Ndinamuonetsa kalata ya a nyakwawa. Anaiwerenga, nayenda kuchokera pakati pa msewu kufika pa khonde langa akuwerenga mapazi, kenako anasuzumira m'mbali mwa maziko.

"Adada, ndikupempha muyambe mwaima," anatero. "Mubwere ku ofesi tikambirane. Panopa zambiri zingakonzeke. Mukafolera zidzavuta."

Anandilembera kapepala. Madzulo ake ndinakaonetsa anzanga pa nsolo, ndipo onse anagwirizana chimodzi: nyumba ikafoleredwa palibe amene angaigwetse, chofunika ndi kufulumira. Mawu amenewo anandikomera chifukwa ndi amene ndinkafuna kumva. Ndinagulitsa ng'ombe zija kwa wogula woyamba amene anabwera, pa mtengo umene iye anatchula, n'kukatenga malata ndi matabwa ku Lundazi. Tinamaliza makoma mothamanga, ndipo denga tinafolera usiku, tikuwunikira ndi matochi a foni ndi nyali ya njinga yamoto, kuopa kuti masana wina angadutse. Mawaya omangira mitanda ya denga amayenera kulowetsedwa m'khoma mizere ingapo ya njerwa isanathe. Ife tinaiwala, ndipo pozindikira khoma linali litafika kale pamwamba. Tinangokhomera misomali n'kusanjika njerwa pamwamba pa malata.

Kapepala kaja kankandisowetsabe tulo. Apa ndi pamene panabwera bambo wina wovala bwino, wonyamula chikwama cha mapepala, amene anati amadziwana ndi akuluakulu onse ndipo wathandiza ambiri. Anati ndisavutike ndi maulendo, iye akonza zonse. Ndinamupatsa ndalama, mbuzi ndi fotokope ya chitupa changa. Sindinganame kuti anandipusitsa ndili wosalakwa. Ndinkadziwa kuti ndikupereka ziphuphu, ndipo n'chifukwa chake sindinafunse lisiti. Patapita masiku anabwera ndi pepala lokhala ndi chidindo ndi siginecha. Ndinaligulira felemu n'kulipachika pamwamba pa kauntala.

Tinatsegula pa nyengo ya mwambo wa Zengani, pamene msewu wopita ku Emusa umadzaza ndi anthu. Shuga, sopo, mafuta ophikira ndi tiyi wa mkazi wanga zinayenda bwino. Atsibweni anabwera, nagula mchere, nayang'ana kudenga, osanena kanthu. Ndinaganiza kuti agonja.

Mu Januwale 2023, masana ena, kunachita mdima kumadzulo ndipo kunabwera mphepo ya mkuntho patsogolo pa mvula. Inalowa pansi pa khonde. Ndinamva misomali ikulira, kenako ndinaona kumwamba ndili m'kati mwa sitolo. Denga lonse linanyamuka pamodzi ndi mitanda yake n'kukagwera pa bwalo la mnansi wanga. Mwana wawo wamkazi, wa sukulu ya pulayimale, ankathamangira kukaanula zovala. Lata linamucheka mwendo kuyambira pa bondo kutsika. Tinamumanga ndi chitenje, n'kumutengera ku chipatala chaching'ono pa njinga yamoto mvula ikutikwapula, magazi akudontha pa mapazi anga. Anamusoka, ndipo anachira, koma chipsera chake n'chachikulu ndipo kukazizira amatsimphina.

Mlandu unakambidwa pa bwalo la a nyakwawa. Ndinavomera kulipira mbuzi ndi ndalama za mankhwala. Pomaliza mayi a mwanayo anapempha kulankhula. Sanakweze mawu.

"Adada, mbuzi tilandira. Koma lata lija likanakwera pang'ono n'kupeza khosi, mukanatilipira chiyani? Tinakuonani mukufolera usiku. Munkabisira ndani?"

Ndinalibe yankho. Munthu wanzeru akanapita ku khonsolo m'mawa mwake. Ine ndinaopa kuti akaona denga palibe andiuza kuti ndigwetse zonse, choncho ndinatenga ngongole ya kaloba, yobweza ndi chiwongoladzanja chachikulu, n'kufoleranso pa makoma omwewo. Shuga, ufa, mbewu ndi feteleza zimene zinanyowa tsiku lija ndinangotaya.

Chilimwe chitafika, dothi linayamba kundionetsa zimene atsibweni ananena. Makande amatupa akamwa madzi ndipo amanyala n'kung'ambika akauma, choncho maziko osaya amakwera ndi kutsika nawo chaka chilichonse. Mng'alu unayambira pa ngodya ya zenera n'kutsika mokhotakhota mpaka pansi. Ndinaumata, unatsegukanso, mpaka dzanja linkalowa. Chitseko cha chipinda chosungiramo katundu chinasiya kutsekeka. Chinyontho chimene chinakwera m'makoma nthawi ya dzinja chinasiya njerwa zosapsa zija zikufumbutuka, ndipo mtedza umene ndinasanja motsamira khoma unachita chuku. Ogula anaukana. Chaka chomwecho mtengo wa soya unagwa, mwini kaloba akubwera pakhomo mwezi ndi mwezi.

Kolera inabuka ku Lusaka mu Okutobala 2023. Pofika Januwale 2024 bwalo la masewera la Heroes linali litasanduka chipatala, masukulu sanatsegulidwe mpaka pa 12 Febuluwale, ndipo mliriwo unapha anthu oposa 700. A zaumoyo anayamba kuyendera malo onse ogulitsira zakudya, ngakhale kumidzi. Atafika pa ine anayeza kuchokera pa chimbudzi kufika pa chitsime. Anandiuza kuti chimbudzi chokumba chiyenera kutalikirana ndi chitsime mamita osachepera 30, ndipo chizikhala kumunsi. Changa chinali pafupi kwambiri, chili kumtunda. Kwa nthawi yoposa chaka anansi anga ankamwa madzi amenewo. Anatseka kachipinda ka tiyi ndi chimbudzi tsiku lomwelo, kenako anafunsa mapepala a nyumbayo. Ndinatsitsa felemu ija. Anapatsirana, nayang'anana, mmodzi n'kuimba foni. Nambala ya pa pepalalo munalibe m'kaundula, chidindo sichinali chawo, ndipo dzina la wosainayo palibe amene ankalidziwa. Bambo wa chikwama uja foni yake inali itasiya kale kugwira.

Ku ofesi ya khonsolo ndinapeza mnyamata wa njinga yamoto uja. Anandizindikira, koma sanandinyoze. Anabwera ndi injiniya ndi tepi yoyezera. Anandifotokozera kuti lamulo la misewu la 2002 limasungira msewu uliwonse malo ake: mamita 100 pa misewu ikuluikulu yolumikiza dziko, 60 pa misewu ngati wa Chipata kupita ku Lundazi, ndi 36 pa misewu ngati wathuwu wopita ku Chama, kutanthauza mamita 18 mbali iliyonse kuchokera pakati. Malo amenewo ndi a ngalande, mapolo a magetsi ndi kukulitsa msewu m'tsogolo. Khonde langa lonse ndi gawo la golosale zinali m'kati mwake. Injiniya anakumba m'mbali mwa khoma lakumbuyo, naona pamene maziko athera, natokosa simenti ndi kiyi, iyo n'kumayoyoka.

"Adada, kutsogoloku kuli mu msewu, kumbuyoku kukhoza kugwera munthu dzinja likubwerali," anatero. "Palibe chimene tingasainire pano. Mukagwetsa nokha mupulumutsako malata ndi mafelemu."

Ndinalipira chindapusa, ulendo uno n'kulandira lisiti. Kenako ine ndi ana anga aamuna tinakwera pamwamba n'kuyamba kuzula malata, anthu a pa msika akuonerera. Njerwa zambiri zinkaphwanyika tikangozigwira. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chagwetsa dziko pa ngozi. Ife chinatipeza tilibe sitolo, tilibe ng'ombe, tili ndi ngongole. Munda umene ng'ombe zinkagaula masiku ochepa tinaulima ndi makasu, ndipo mkazi wanga, amene anandichenjeza, ndi amene ankayamba kudzuka. Tsiku lina tikupuma pa mzere ndinamupepesa. Anati, "Ndamva, abambo. Koma tikadzamanganso, ndalama za pulani ndidzasunga ine."

Tinamanganso zokolola za 2025 zitalowa, ndipo ndifotokoze mmene zinayendera chifukwa ambiri amaopa chinthu chimene sanachione. A nyakwawa anatisunthira kumbuyo, pa katondo, kutali ndi msewu ndi dambo, ndipo kalata yawo inapita kukatsimikizidwa kwa mfumu. Munthu wovomerezeka pa ntchito yojambula nyumba anatijambulira pulani yosonyeza zipinda, kuya kwa maziko, denga, ndi pamene nyumba, chimbudzi, chitsime ndi msewu zakhalira. Tinapereka mapepala ku khonsolo n'kulipira pa kauntala. Pulaniyo inaonedwa ndi a mapulani, a zomangamanga ndi a zaumoyo, ndipo anatibwezera kamodzi kuti tiwonjezere zenera ndi potulukira mpweya m'chipinda cha tiyi. Itadindidwa anatiuza nthawi zoti tiziwaitana: tikakhoma zikhomo, tikakumba maziko tisanathire konkire, pa silabu, pa ring beam, pa denga, ndi pomaliza kuti atipatse chikalata chololeza kulowamo.

Pa ulendo wa maziko, woyendera anatsikira m'dzenje ndi chitsulo n'kumabaya pansi. Pa ngodya ina chitsulocho chinangolowa chonse. Panali mphanga ya chiswe ya chulu chakale, imene ine ndi mmisiri sitinaione. Tinakumba mpaka pa dothi lolimba n'kudzaza bwino. Pa ring beam anawerenga zitsulo, naonetsetsa kuti mawaya omangira denga alowa m'konkire isanaume. Sitolo yatsopanoyi ndi yaing'ono kuposa yoyamba ija, ndipo ngongole sindinamalize. Koma ndalama zonse za pulani ndi chilolezo sizinafike pa mtengo wa malata amene anapindika masana amodzi aja.

Sindikunena kuti njira imeneyi ndi yofewa kwa munthu wa kumudzi. Pali kudikira, pali maulendo, ojambula mapulani ambiri ali m'tauni, ndipo oyendera ndi ochepa pamene midzi ili patalipatali. Mavuto amenewa ndi amene amadyetsa anthu onyamula zikwama aja. N'chifukwa chake ndikupempha makhonsolo a m'maboma athu kuti akhale ndi mapulani okonzeratu a golosale, chigayo ndi nyumba yaing'ono, amene mlimi angagule pa mtengo wotsika. Alengeze ndondomeko ndi mitengo yake pa wailesi ngati Chikaya, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, makamaka miyezi yogulitsa mbewu pamene anthu amawotcha njerwa. Mafumu athu, pamene mukupereka malo m'mbali mwa msewu kapena pafupi ndi chitsime, onjezani mawu amodzi: kaitaneni a tepi musanakumbe. Anthu amamvera inu kuposa chikwangwani.

Kwa inu alimi anzanga amene mwagulitsa soya, mtedza kapena thonje ndipo njerwa zili kale pa uvuni, pitani nokha ku khonsolo ndi kalata ya mfumu, musatume munthu. Ndalama iliyonse imene mukupereka ikhale ndi lisiti. Musathire konkire m'dzenje limene wodziwa sanalione, ndipo mmisiri akakuuzani kuti simenti yachepa, chepetsani nyumba, osati simenti. Ngati wina wakuuzani kuti muime, imani, ngakhale malata mutagula kale. M'nyumba ya malonda mumalowa ana a anzanu, ndipo iwo sadziwa zimene munabisa m'khoma.